Bwalo la Ndege la Kumidzi: Amaliyang'anira Ndani, Nanga Limafuna Chiyani?

Anthu ambiri a ku Chadiza akamva za bwalo la ndege amaganiza za Kenneth Kaunda International Airport ku Lusaka, kapena za azungu otsikira ku Mfuwe kukaona nyama ku South Luangwa. Komabe mabwalo ambiri m'Zambia muno ndi aang'ono, adothi kapena amsipu, ndipo kuti agwire ntchito zimadalira kwambiri anthu okhala pafupi nawo. N'chifukwa chake nzika iyenera kudziwa mmene amayendera.

Udindo wake ndi wogawana. Bungwe la Zambia Civil Aviation Authority, lokhazikitsidwa ndi lamulo la 2012, ndilo limayendera mabwalo ndi kupereka ziphaso kwa oyendetsa ndege, motsatira mfundo zimene mayiko anagwirizana ku Chicago mu 1944. Kampani ya boma ya Zambia Airports Corporation imayendetsa mabwalo akuluakulu a Lusaka, Ndola, Livingstone ndi Mfuwe, komanso imatsogolera ndege zili m'mlengalenga. Nthambi yoona zanyengo imauza oyendetsa za mvula ndi mphepo. Koma nkhani ya malo imayambira kwathu: nthaka ya makolo singasinthidwe kukhala ya chikalata popanda chilolezo cha mfumu ndi khonsolo. Choncho m'boma la Chadiza, mawu a Mfumu Mlolo, Mfumu Zingalume kapena Mfumu Mwangala angafunike ndege isanatere n'komwe.

Zimene woyendetsa ndege amafuna pabwalo laling'ono n'zochepa, koma chimodzi chikasowa moyo uli pachiswe. Amafuna njira yosalala, yopanda zulu ndi maenje, udzu wotchetcha, zizindikiro zoyera m'mbali, ndi thumba lansalu lopachika pamtengo losonyeza kumene mphepo ikuchokera, pakuti ndege imatera ndi kunyamuka moyang'anizana ndi mphepo. Pamene palibe nsanja yowongolera, amalengeza pawailesi kuti akubwera, n'kuzungulira kaye pamwamba kuti aone ngati pansi pali bwino. Akaona ng'ombe, ana osewera mpira kapena ngolo yodutsa, amabwerera. Ngati anabwera kudzatenga mayi wovutika pobereka, ndiye kuti mayiyo watsala.

Ena anganene kuti ndalama zonse zipite ku msewu wa Chipata, popeza mlimi wa chimanga ndi mtedza sakwera ndege. Mfundoyi ndi yomveka, ndipo msewu uyeneradi kutsogola. Koma kusamala kabwalo kadothi sikulanda ndalama za phula, pakuti kumafuna zikwakwa, mpanda ndi mlonda basi. Bungwe la Zambia Flying Doctor Service lakhala likufikira odwala akutali kuyambira m'ma 1960 podalira timabwalo totere. Ku Nunavut, kumpoto kozizira kwa Canada, midzi ilibe misewu yoilumikiza, ndipo mankhwala ndi odwala zimayenda pa ndege zotera pamiyala yophwanya. Ife tili ndi misewu, koma dzinja likafika milatho imatha kukokoloka.

Motero amene akufuna bwalo lotere m'dera lawo ayambire ku komiti ya chitukuko ya wadi, apite kwa khansala ndi kwa mfumu, kenako khonsolo ilembere Civil Aviation Authority kuti idzaone malowo. Kumene bwalo lilipo kale, mafumu a midzi aletse kulima, kudyetsa ziweto ndi kuzula mitengo ya mpanda, chifukwa woyendetsa ndege sangatere pamalo amene akuwakayikira.