Kuteteza ana ku malungo akatuluka m'chipatala

Kuteteza ana ku malungo akatuluka m'chipatala ndi njira yopatsa mwana mankhwala a malungo mwezi ndi mwezi ali kunyumba, ngakhale asakudwala. Njirayi ndi ya ana amene anagonekedwa chifukwa chochepa kwambiri magazi m'thupi, ndipo ambiri mwa iwo amakhala ataikidwa magazi. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linaivomereza mu 2022. Amene amapereka mankhwalawa ndi mayi, bambo, agogo kapena aliyense wolera mwanayo.

Chifukwa chake

Malungo amaphwanya maselo ofiira a magazi. Mwana akachira, thupi lake limatenga milungu ingapo kuti libwezeretse magazi. Akalumidwanso ndi udzudzu wa tizilombo pa nthawiyi, magazi amatsikanso msanga. N'chifukwa chake ana ambiri otere amagonekedwanso kapena kumwalira m'miyezi yoyambirira atatuluka m'chipatala.

Kafukufuku wotsogozedwa ndi Kamija Phiri m'chigawo cha kummwera kwa Malawi, amene anasindikizidwa mu 2012, anasonyeza kuti kupatsa ana otere mankhwala a LA pakatha mwezi umodzi komanso miyezi iwiri kumachepetsa vutoli. Kafukufuku wina wa ku Kenya ndi Uganda, wa mu 2020, anagwiritsa ntchito dihydroartemisinin-piperaquine, mwachidule DP. Imfa ndi kugonekedwanso zinatsika ndi pafupifupi 70 peresenti pa nthawi imene ana ankamwa mankhwalawo.

Kamwedwe kake

Pa kafukufukuyu, mwana ankamwa DP pa sabata yachiwiri, yachisanu ndi chimodzi ndi yakhumi atatuluka. Ulendo uliwonse amamwa kamodzi patsiku kwa masiku atatu otsatizana, ndipo mlingo umatengera kulemera kwake. Mbali ya mankhwalawa yotchedwa piperaquine imakhalitsa m'magazi, moti imateteza mwana pafupifupi mwezi wathunthu. Kudumphitsa ulendo umodzi kumasiya mwanayo wopanda chitetezo kwa milungu ingapo.

Zimene zimathandiza olera ana

Kumwetsa mankhwala mwana amene akusewera ndi kudya bwino n'kovuta kukumbukira. Ofufuza m'boma la Zomba anayerekeza njira zoperekera mankhwalawa, ndipo zotsatira zinasindikizidwa mu 2021. Olera ana amene anapatsidwa mapiritsi onse tsiku lotuluka anamaliza mankhwala kuposa anzawo amene ankabwerera kuchipatala mwezi uliwonse. Pagulu loyambalo, pafupifupi 7 mwa ana 10 anamaliza, pamene pagulu lachiwiri anali pafupifupi theka. Mauthenga a pafoni okumbutsa sanasinthe zambiri.

Azachipatala amathandiza polemba masiku omwera m'buku la kuchipatala la mwana ndi kufotokoza kuti mankhwalawa ndi oteteza, osati odikirira kutentha thupi. Amaphunzitsanso kuphwanya piritsi ndi kulisungunula m'madzi pang'ono aukhondo, ndi kubwereza mlingo mwana akasanza pasanathe theka la ola. Mapiritsi a mwana mmodzi sagawidwa kwa abale ake.

Kufunika kwake ku Nayuchi

Nayuchi ali m'boma la Machinga, pamalire a Malawi ndi Mozambique, pamene njanji yochokera ku Nkaya m'boma la Balaka imadutsa kulowera ku Nacala. Derali lili pakati pa nyanja za Chiuta ndi Chilwa, ndipo madambo ake amaswa udzudzu wambiri, makamaka nthawi ya mvula. Chipatala chachikulu cha boma la Machinga chili ku Liwonde, kutali ndi Nayuchi. Banja lotere likauzidwa kubwerera katatu kukatenga mankhwala, limafunika ndalama yoyendera ndipo limasiya ntchito ya kumunda. Zimene zinapezeka ku Zomba, boma loyandikana nalo, zikusonyeza ubwino wotuluka m'chipatala mapiritsi ali m'manja, alangizi a zaumoyo a m'mudzi n'kumathandiza kukumbutsa.

Malire ake

Mankhwalawa salowa m'malo mwa kugona mu neti. Salowanso m'malo mwa katemera wa malungo wa RTS,S, amene anayamba kuperekedwa ku Malawi mu April 2019 m'maboma 11, kuphatikizapo Machinga ndi Balaka. Mwana akatentha thupi, akafooka kapena zikhatho zake zikayera, amayenera kupita kuchipatala kukayezedwa tsiku lomwelo ngakhale akumwa mankhwala oteteza.