Nyumba ya lendi m'tauni: yang'anani pansi musanapereke ndalama

Mnyamata kapena mtsikana wa ku Magomero akapeza ntchito ku Limbe, Blantyre kapena Zomba, nkhani yoyamba imakhala ya pogona. Kukwera minibasi pa Namadzi m'mawa ndi madzulo, thumba silingalole. Ndiye kusaka nyumba ya lendi kumayambika, ndipo ena amachita mwayi wopeza chipinda kapena fulati m'nyumba zakale zija zoyala matabwa pansi. Zoterezi zikadalipo m'madera akale a Blantyre komanso ku Zomba, komwe kunali likulu la dziko lino mpaka 1975.

Munthu wozolowera pansi pa simenti kapena pozira, akaona timatabwa tonyezimira, mtima umangoti ndalowa basi. Komatu pansi pomwepo ndi pamene pamathera dipoziti ya anthu ambiri. Matabwa olimba ngati a mlombwa ndi mbawa masiku ano ngosowa komanso ngodula, choncho thabwa likaonongeka, alandilodi sachita nthabwala.

Musanapereke kanthu, pitani masana mukaone nokha. Gogodani pansi, makamaka m'makona ndi m'mbali mwa khoma. Thabwa likamalira ngati ng'oma, mwina chiswe chidadya kale mkati, pamwamba pokha ndi pomwe patsala. Timizere ta dothi tokwera khoma ndi chizindikiro china cha chiswe. Matabwa otukumuka kapena akuda pafupi ndi bafa ndi khitchini akusonyeza chinyezi, mwina paipi ikudontha. Jambulani zonsezi pafoni, alandilodi ali pompo.

Mukalowa, kumbukirani kuti thabwa ndi madzi sizigwirizana. Osakolopa ndi ndowa yodzaza ngati pa simenti. Kansalu konyowa pang'ono ndi polishi n'zokwanira. Magetsi akazima, mbaula ikhale panja, chifukwa khala limodzi lokha limasiya chipsera chosachoka. Mipando ndi bedi muzinyamula, osazikoka.

Koma chachikulu pa zonse ndi pangano lolembedwa, ndipo pa nkhani imeneyi anthu a ku Magomero ali ndi mbiri yoti iwaphunzitse. Nthawi ya atsamunda dera limeneli linali esiteti ya A. L. Bruce Estates. Mabanja okhala pamalowo, ambiri mwa iwo Alhomwe ochokera ku Mozambique, ankalipira lendi ya malo ndi thukuta lawo. Imeneyo ndiyo inkatchedwa thangata. Pakamwa ankati mwezi umodzi ngwa lendi, wina ngwa msonkho, koma wowerenga masiku anali mwini malo yemweyo, ndipo miyezi ija inkangotalika. Mkwiyo wa anthu unaphulika pa 23 Januwale 1915, pamene otsatira a John Chilembwe anapha woyang'anira esitetiyo, William Jervis Livingstone. Mbiri yonseyi Landeg White anailemba m'buku lake lonena za Magomero, lomwe linatuluka mu 1987.

Lendi ya lero si thangata ayi, ndipo eni nyumba ambiri ndi anthu abwinobwino ofuna kupeza ya ndiwo ndi fizi ya ana. Koma phunziro lilipo: pangano likakhala la pakamwa, wamphamvu ndiye amalitanthauzira.

Choncho papepala palembedwe lendi ya pamwezi ndi tsiku lolipira, miyezi imene mwalipiriratu, kuchuluka kwa dipoziti ndi nthawi yobweza, komanso notisi imene aliyense ayenera kupereka. Palembedwenso momwe pansi palili tsiku lolowa, ndi yemwe adzakonze chiswe chikabuka kapena paipi ikaphulika. Funsani ngati mita ya ESCOM ndi yanu nokha kapena yogawana, ndiponso ngati pa madzi palibe ngongole ya amene anatuluka. Ngati mwadzera kwa ejenti, musampatse lendi musanaonane ndi mwini nyumba weniweni. Mukalipira, kaya pamanja, kaya pa Airtel Money kapena Mpamba, sungani lisiti kapena uthenga wake.

Inu makolo otsala kumudzi, mwana akaimba foni kuti wapeza nyumba yokongola, musangofunsa za mtengo. Mufunseni kuti, “Kodi mwalemberana?” Akayankha kuti alandilodi ndi munthu wabwino, muuzeni kuti munthu wabwino saopa kusaina.