Za Kufalitsa Zolemba za Pasukulu pa Intaneti

Kale munthu wofuna kuti mau ake awerengedwe kutali ankayenera kupeza makina osindikizira, mapepala ndi inki, ndiponso amtengatenga onyamula mitokoma ya mabuku. Lero sizitero. M'chaka cha 1989 Mngelezi wina, dzina lake Tim Berners-Lee, alikugwira ntchito ku CERN pafupi ndi Geneva, anapeza njira yolumikizira masamba a zolemba pa makompyuta. Ndipo m'chaka cha 1993 eni ake a malowo anapereka njirayo kwa anthu onse kwaulere. Chifukwa cha ichi mphunzitsi wa kumudzi kwathu, ali ndi foni ndi kabandulo kochepa, angathe kuika nkhani ya mwana wanu pamene anthu a ku Johannesburg ndi a ku London angaiwerenge.

Tsono aiike pati? Ambiri athamangira ku Facebook, pakuti n'kosavuta. Komatu kutero kuli ngati kulima m'munda wobwereka: mwini munda asintha malamulo tsiku limene afuna, ndipo zolembedwa dzana zimira pansi pa zatsopano, osaonekanso. Dziwaninso kuti malamulo a Facebook salola mwana wosakwana zaka 13 kulembetsa dzina lake.

Sukulu yofuna tsamba lokhazikika ingalimange pa WordPress, imene inayamba m'chaka cha 2003, kapena pa Google Sites, ya m'chaka cha 2008. Ponse pawiri munthu ayamba osalipira kanthu. Koma akafuna dzina lakelake la sukulu, lothera ndi zilembo za .mw zosonyeza Malawi, dzinalo n'lolipira, ndipo akaleka kulipira lichoka m'manja mwake. Pano tichenjeze a komiti ya sukulu. Tsamba lotere litsegulidwa ndi mau achinsinsi, ndiwo kiyi wake. Mau amenewa akadziwa mphunzitsi mmodzi yekha, tsiku limene adzamsamutsira ku sukulu ina adzapita nayo kiyi, otsalawo n'kumangoyang'ana pakhomo. Awasunge anthu awiri, mphunzitsi wamkulu ndi mmodzi wa komiti.

Koma njira imene ife itikondweretsa koposa ndi African Storybook, imene bungwe la Saide la ku South Africa linatsegula m'chaka cha 2014. M'menemo muli timabuku ta ana ta zithunzi, m'zilankhulo zambiri za mu Africa, ndi Chichewa chomwe. Mphunzitsi angamasulire kabuku ka chilankhulo china kukhala m'chathu, kapena kulemba katsopano. Taganizani: ana apite kwa agogo ao madzulo, amve nthano imene sinalembedwepo ndi kale lonse, m'mawa ailembe m'kope, wodziwa kujambula ajambule, mphunzitsi akonze zolakwa, kenaka aiike. Aliyense aloledwa kutenga kabukuko ndi kukasindikiza pa pepala osagula, malinga atchule amene anakalemba ndi amene anajambula. Ndiye kuti ngakhale sukulu ya kuseri kwa phiri, kumene netiweki sifika, idzakawerenga. Ife tiyesa ichi chinthu chachikulu, popeza ana athu ambiri afika m'kalasi lachitatu asanagwirepo buku lina la m'chilankhulo chao koposa la m'kalasi lokhalo.

Chatsala chimodzi, ndipo chili kwa inu makolo. Chimene chaikidwa pa intaneti n'chovuta kuchibweza, pakuti wina achikopera musanachifufute. Tsono mphunzitsi asaike chithunzi cha mwana asanapemphe kwa bambo kapena mai wake; ndipo ngakhale mwavomera, nkhope ya mwana, dzina lake lonse ndi mudzi wake zisakhale pamodzi, chifukwa si onse owerenga ali ndi mtima wabwino. Dzina loyamba ndi kalasi zikwanira. Pa msonkhano wa makolo ukudzawu funsani mphunzitsi wamkulu ngati sukulu ili nalo kale tsamba, akuonetseni zimene zilipo, akuuzeninso amene asunga kiyi wake.