Chifukwa chake ophunzira chinenero cha ku Indonesia amapita kumsika

Mphunzitsi wina anandifunsa kuti n'chifukwa chiyani alendo ophunzira chinenero cha ku Indonesia amakhalitsa kukhitchini ndi kumsika. Nanenso poyamba zinkandizunguza mutu.

Boma la Indonesia lakhala likuitana ophunzira akunja kudzera m'pulogalamu ya Darmasiswa kuyambira 1974, ndipo maphunziro a chinenerochi kwa alendo amadziwika ndi dzina loti BIPA. Malamulo a chinenerochi savuta kuyamba nawo. Chimene chimavuta n'kudziwa zoyankhula, kwa ndani, nthawi yanji.

Taganizirani wophunzira ali pamsika wa Beringharjo ku Yogyakarta. Mitengo ya zinthu imatchulidwa m'masauzande a rupiah, ndiye pogula nsalu ya batik kapena mbale ya gudeg, chipatso cha jackfruit chosapsa chophikidwa nthawi yaitali mumkaka wa kokonati ndi shuga wa kanjedza, manambala amalowa m'mutu msangamsanga. Ponenerera mtengo, mayi wogulitsayo amutchule kuti Bu, ndipo ndalama apereke ndi dzanja lamanja. Zili ngati kupalasa njinga: sungakudziwe utakhala pampando.

Koma pamwambo wa tumpeng ndi pamene ndimagoma. Mpunga wachikasu amauumba ngati kaphiri, nsonga yake n'kuidula n'kupatsa munthu wolemekezeka pagululo. Wophunzira amadzionera yekha kuti wamkulu ndi uti, n'kumva mawu amene anthu amasankha pomuyankhula. Mawa lake mphunzitsi wodziwa ntchito amabweretsa mawu omwewo m'kalasi, ophunzira n'kuwalemba ndi kuwayeserera awiriawiri.