Kuomba m'manja sikugula batire: momwe magulu a mamembala amathandizira aluso

Mnyamata wa ku Makawa kapena ku Namwera amene ali ndi foni yabwino atha lero kujambula pologalamu yakeyake, kucheza ndi asodzi za mitengo ya usipa kapena ndi agogo za mbiri ya mudzi, n'kuitumiza kwa anthu mazanamazana osapondako pa wailesi iliyonse. Mapologalamu otere, amene munthu amawamvera pa foni nthawi imene wafuna, amatchedwa podcast. Kuyamba n'kosavuta, koma ambiri amalekera panjira. Bandulo imafuna ndalama, kutchaja foni kumafuna ndalama, kabaza wopita kwa munthu wokacheza naye amafunanso ndalama, pomwe omvera amangopatsirana pologalamuyo pa WhatsApp kwaulere. Ikatha miyezi itatu kapena inayi mnyamata uja amatopa, ndipo amene ankamuyamikira amangofunsana kuti adapita kuti. N'chimodzimodzi kwa oimba, alakatuli ndi magulu a zisudzo.

Njira imodzi imene yathandiza aluso m'maiko ena ndi gulu la mamembala. Anthu amene amakonda ntchito ya waluso amalembetsa maina, nalonjeza kupereka kandalama kochepa mwezi ndi mwezi. Waluso naye amalonjeza kuti ntchito isaime, ndipo mamembala amawapatsa ulemu wina, monga kumva pologalamu ena asanaimve kapena kufunsidwa maganizo pa mitu yokambirana. Kampani yodziwika kwambiri pa njirayi ndi Patreon, imene idayamba ku America mu 2013. Mmodzi mwa oiyambitsa, Jack Conte, adali woimba amene nyimbo zake zinkaonedwa ndi anthu ochuluka pa YouTube koma ndalama zimene ankalandira sizinkafanana ndi zimene ankawononga. Patreon imatolera zopereka kudzera m'makhadi a kubanki n'kutapapo gawo lake. Kwa anthu ambiri a m'mawodi athu khomo limenelo ndi lotseka, chifukwa makhadi otere alibe.

Komatu maganizo ake si achilendo kuno ku Mangochi. Radio Maria Malawi, imene likulu lake lili m'boma lathu lino, idayamba kuulutsa mawu mu 1999, ndipo monga mawailesi ena a Radio Maria pa dziko lonse, siidalira malonda a makampani. Imayenda ndi zopereka za omvera komanso ntchito ya anthu odzipereka. Chaka ndi chaka imachititsa Mariatona, masiku amene omvera amapemphedwa kusonkha, ndipo ili ndi abwenzi ake m'maparishi amene amatolera zopereka. Pano sitikukamba za chipembedzo, pakuti boma lathu lili ndi Asilamu ndi Akhristu omwe. Chimene tikuona n'chakuti wailesi yakhala pa mphepo zaka zoposa 25 chifukwa anthu wamba, ambiri mwa iwo osapeza bwino, adaitenga kukhala yawo.

Ku Monkey Bay kuli chitsanzo china. Dzimwe Community Radio idakhazikitsidwa mu 1998 ndi thandizo la UNESCO pamodzi ndi bungwe la amayi atolankhani la Malawi Media Women Association, ndipo imadziwika kuti ndi wailesi yoyamba ya m'dera m'dziko muno. Mphamvu ya mawailesi otere yakhala makalabu omvera wailesi, kumene anthu amakhala pansi pamodzi, kumvera pologalamu, kukambirana, kenaka kujambula mawu awo kuti adindo awamve ndi kuyankha. Mamembala a makalabuwa nthawi zambiri sapereka ndalama. Amapereka nthawi, nkhani ndi mawu awo, zimene kwa wopanga mapologalamu ndi theka la ntchito. Koma mbiri ya mawailesi a m'madera yatiphunzitsanso chinthu chowawa: pulojekiti ya bungwe ikatha, ndalama zolipirira magetsi ndi kukonzera zipangizo zimatha nayo. Wailesi imene omvera ake sadazolowere kusonkha imagwira njakata tsiku limenelo.

Tikabwerera m'mbuyo ndithu, beni amene timavina pa zikondwerero adafika kuno kuchokera kugombe la kum'mawa kwa Africa, ndipo adafala ndi asilikali obwerera ku nkhondo yoyamba ya pa dziko lonse. Magulu a beni kuyambira kale adali ndi maudindo, malamulo ndi kusonkherana kogulira zovala ndi ng'oma. Chipereganyu ndi banki m'khonde zimayendanso pa mfundo yomweyo, yakuti anthu odziwana apereke pang'onopang'ono pa tsiku lodziwika ndipo zonse zilembedwe.

Mawu ofunika apa ndi akuti tsiku lodziwika. Amalawife sitiumira. Woimba akadwala kapena akaoneka pa Facebook ali pa umphawi, anthu amasonkha msanga ndipo ndalama zimapezeka. Kufupa pa dansi nakonso timakudziwa. Koma thandizo lotere limabwera kamodzi, ngati mvula ya chizimalupsa, ndipo palibe amene angadzale mbewu podalira mvula imeneyo. Tiyerekeze kuti gulu la zisudzo lili ndi mamembala 150, aliyense akupereka K1,000 pa mwezi. Imeneyo ndi K150,000. Si ndalama yolemeretsa munthu, koma gululo likudziwiratu kuti mwezi wamawa lili nayo, choncho litha kupangana ndi mwini galimoto, kubwereka zokuzira mawu ndi kulonjeza anthu a ku Katuli kuti lifika pa tsiku lakuti. K500,000 yoperekedwa kamodzi ndi munthu mmodzi siingachite zimenezo kwa chaka chonse, ndipo kawirikawiri imabwera ndi chingwe.

Chingwe chimenecho n'choyenera kuchiopa. Waluso wodalira bwana mmodzi, kaya wamalonda kaya wandale, amayamba kuyeza mawu ake. Pologalamu ya usodzi imene ikulipiridwa ndi mwini maboti ambiri siingafunse bwino za maukonde oletsedwa. Pamene opereka ali 150, mmodzi akakwiya n'kuchoka ntchito siigwa. Komabe gulu nalo lili ndi chingwe chake, chifukwa waluso atha kuyamba kunena zokhazo zimene mamembala akufuna kumva. N'chifukwa chake ndi bwino kugwirizana poyamba pomwe kuti mamembala ali ndi ufulu wopereka maganizo ndi kuona mabuku a ndalama, koma osati kulamula zimene zinenedwe.

Kutolera ndalama sikufunanso Patreon. Airtel Money ndi TNM Mpamba zafika pafupifupi pa msika uliwonse, ndipo gulu la pa WhatsApp likwanira kukhala bwalo la mamembala. Abale athu ambiri ali ku Joni, ndipo iwo ndiwo amamva ludzu lalikulu la nkhani za kumudzi m'Chiyao ndi m'Chichewa. Pologalamu yowauza za mvula, maliro, mpira ndi mitengo ya kuno atha kuilipirira mokondwa kuposa ife amene nkhanizo timazimva pa chitsime.

Pamene magulu ambiri amagwera ndi pa kasungidwe ka ndalama. Nambala yolandirira zopereka ikakhala foni ya waluso mwini, ndalama ya gulu imasakanikirana ndi ya ndiwo, ndipo ngakhale munthu wokhulupirika amalephera kufotokoza. Gulu lisankhe msungichuma amene si waluso yemweyo, likhale ndi kope lolembamo zolowa ndi zotuluka, ndipo kumapeto kwa mwezi mamembala onse auzidwe kuti zapezeka zingati, zagwira ntchito yanji. Ndalama yodulidwa potumiza ndi potapa iwerengeredwenso, popeza pa zopereka zing'onozing'ono imaluma. Liganizirenso nyengo. Kunyanja ndalama imasowa m'miyezi yotseka nyanja kumapeto kwa chaka, ndipo kumtunda Januwale ndi Febuluwale ndi miyezi ya njala. Gulu lanzeru limalola membala kulipiriratu miyezi ingapo pamene nsomba zikugwidwa kapena atangogulitsa mbewu, m'malo momufufuta pa mndandanda chifukwa walephera mwezi umodzi.

Zonsezi sizilowa m'malo mwa malipiro a umwini wa luso. Bungwe la COSOMA, limene lidakhazikitsidwa mu 1992 ndipo tsopano likugwira ntchito motsatira lamulo la 2016, limatolera ndalama kwa mawailesi, malo achisangalalo ndi ena ogwiritsa ntchito luso la eni, n'kugawira mamembala ake. Woimba kapena mlembi wa kuno amene sadalembetse ntchito zake kumeneko akutaya gawo lake. Kungoti ndalama za COSOMA zimatsata ntchito imene yafala kale, pomwe gulu la mamembala limagwira dzanja waluso amene akudziwika ku Chimwala kokha.

Amene akufuna kuyamba asadikire anthu 150. Anthu khumi ndi asanu odziwana, malamulo olembedwa pa tsamba limodzi ndi tsiku lokhazikika lopereka n'zokwanira mwezi woyamba. Alangizi a chitukuko cha m'midzi, amene akhala akuphunzitsa magulu a banki m'khonde kalembedwe ka mabuku, atha kuthandiza pa malamulo ndi kaundula, ndipo nkhaniyi itha kukambidwa pa msonkhano wa VDC kapena ADC monga zikambidwira nkhani za mijigo ndi milatho.