Mainjiniya Oyang'anira Netiweki ndi Moyo wa M'malokeshoni a Lilongwe

Mwa ntchito zonse zimene zinabwera ndi mafoni a m'manja, ya mainjiniya oyang'anira netiweki ndi imene anthu wamba saidziwa kwenikweni, ngakhale kuti malonda ndi macheza a ku Kawale, Biwi, Chinsapo ndi Mgona amayenda chifukwa cha iwo. Mawu akuti netiweki amatanthauza nsanja, zingwe ndi makina zolumikizana, zimene zimanyamula mawu, mauthenga ndi ndalama kuchoka pa foni ina kupita pa inzake, ndipo udindo wa mainjiniyawa ndi kuonetsetsa kuti zonsezi zikugwira ntchito usana ndi usiku. Kampani ya TNM inakhazikitsidwa mu 1995, ndipo Celtel, imene inadzakhala Zain mu 2008 kenako Airtel mu 2010, inayamba mu 1999; koma udindowu unakula kwambiri pamene kunabwera Airtel Money mu 2012 ndi Mpamba mu 2013, chifukwa kuyambira pamenepo kuthawa kwa netiweki kumatanthauza kuti ejenti wa mu Area 25 sangatumize ndalama ndipo banja silingagule mayunitsi a magetsi.

Ambiri mwa mainjiniyawa amagwira ntchito m'chipinda chotchedwa NOC, chomwe ndi likulu loyang'anira netiweki yonse, mmene makompyuta amaonetsa mmene nsanja iliyonse ikuyendera. Chinthu chikalakwika, makina amatumiza alamu, ndiye kuti chenjezo, ndipo injiniya wa pa shifiti amatsegula tikiti, lomwe ndi kaundula wa vutolo wosonyeza nthawi imene layambira, malo ake ndi munthu amene akulikonza. Luso lenileni limaonekera pa kumasulira maalamuwo, pakuti chingwe chimodzi chikaduka nsanja zambiri zimene zimadalira chingwecho zimalira nthawi imodzi, ndipo wosazolowera angathe kutumiza magalimoto ku Area 23, ku Biwi ndi ku Kawale pamene gwero la vuto lili pamalo amodzi okha. Wodziwa ntchito amayamba wafufuza chimene chayamba kuzima, amayesa kukonza ali pomwepo pa kompyuta, ndipo zikakanika ndi pamene amatuma amisiri opita kunsanja kapena kudzutsa injiniya wamkulu. Kusintha mapulogalamu a makina kumachitika pakati pa usiku, anthu ambiri atagona, n'chifukwa chake kuchezera n'kosapeweka pa ntchitoyi.

Mabuku ophunzitsa ntchitoyi amakamba kwambiri za marauta ndi maswichi, amene ndi makina olondolera mauthenga njira yoyenera, koma ku Malawi gawo lalikulu la nthawi ya injiniya limathera pa magetsi. Nsanja imadalira ESCOM, ndipo magetsi akazima imayamba kudya mabatire, kenako jenereta ya dizilo, moti injiniya amawerengera maola amene nsanja ingapirire isanathime ndi kusankha imene iyenera kulandira mafuta poyamba. Namondwe Ana ataononga damu la Kapichira mu Januwale 2022, dziko linataya mamegawati a magetsi pafupifupi 130 kwa nthawi yoposa chaka, ndipo kusowa kwa mafuta m'zaka zotsatira kunachititsa kuti kusankhako kukhale kowawa. Kuba mabatire ndi dizilo kumawonjezera chipsinjo. Kuyambira mu 2022 nsanja zoposa 700 zimene zinali za Airtel zili m'manja mwa kampani ya Helios Towers, zomwe zikutanthauza kuti kukonza vuto limodzi kumafuna kuti mainjiniya a makampani awiri amvane msanga.

Nkhani ina ndi ya mtunda. Malawi alibe gombe la nyanja yamchere, choncho intaneti yake imadzera m'zingwe za faiba, zomwe ndi timaulusi tagalasi tonyamula mauthenga ngati kuwala, zimene makampani monga Open Connect Limited, SimbaNET ndi ESCOM anayala kulowera ku Tanzania, Mozambique ndi Zambia. Zingwe za pansi pa nthaka zimadulidwa ndi okumba misewu ndi ngalande, mwinanso ndi akuba oganiza kuti mkati mwake muli kopa. Pa 12 Meyi 2024 zingwe za pansi pa nyanja za EASSy ndi SEACOM zinaduka, intaneti n'kuyamba kukwawa m'mayiko angapo kuphatikizapo Malawi, ndipo chimene injiniya wa ku Lilongwe akanatha kuchita chinali kupatutsira mauthenga ku njira zotsala, zomwe posakhalitsa zinadzaza.

Ambiri olowa ntchitoyi amachokera ku MUBAS, yomwe kale inali Polytechnic, ndi ku Mzuzu University, ndipo amawonjezera masatifiketi monga CCNA ya kampani ya Cisco. Bungwe la MACRA, lokhazikitsidwa ndi lamulo la 1998, limaika miyeso ya ubwino wa netiweki, ndipo ena mwa manambala amene limaunika amachokera m'makaundula a mainjiniyawa. Makaundula omwewo ndi amene amasonyeza kuti m'malo othithikana ngati Mgona ndi Chinsapo nsanja imalemedwa madzulo, anthu akaweruka n'kutsegula WhatsApp ndi Facebook nthawi imodzi, ndipo ndi umboni umenewu umene injiniya amapita nawo kwa mabwana popempha nsanja ina, yomwe zipangizo zake zimagulidwa ndi ndalama zakunja zimene dziko likusowa.