NCHITO ZA M'MABUNGWE: MAOFESI ALI KU LUSAKA, KOMA KHOMO LILI KUMUDZI

Caka ndi caka, makoleji akatsekera, mabasi ocokera ku Lundazi, Chipata, Katete ndi Petauke amatsitsa pa Intercity anyamata ndi atsikana onyamula maenivulopu a khaki. M'maenivulopumo muli masatifiketi ndi makalata opempha malo ophunzirirapo nchito, cimene ophunzira eni ake amachula kuti atachimenti. Ambiri mwa iwo mitima yao ili pa mabungwe osakhala a Boma, aja amene magalimoto ao oyera amaoneka m'midzi pa nthawi ya cilala, ya katemera kapena yokumba zitsime. Kumudzi makolo amagulitsa mbuzi, nshawa kapena matumba a cimanga kuti mwana apeze ya basi ndi ya cakudya. Motero nkoyenera kuti kholo lisanamasule cingwe ca mbuzi, liyambe ladziwa m'mene nchito zimenezi zikhalira, kumene zipezeka, ndi cimene mwana angayembekezere.

KUMENE MABUNGWE ALI

Mabungwe amenewa sanayambe lero. Zambia Red Cross Society inakhazikitsidwa ndi lamulo la Nyumba ya Malamulo mu 1966, ndipo likulu lake lili ku Longacres. Mu 1970 machalichi anagwirizana kupanga bungwe loyang'anira zipatala zao, limene tsopano lichedwa CHAZ. Zipatala za mishoni zodziwika bwino kum'mawa, monga St Francis ku Katete, Mwami, Nyanje ndi Minga, zili m'banja limeneli. Bungwe la za kulera la PPAZ linayamba mu 1972, World Vision inafika mu 1981, ndipo NGOCC, imene isonkhanitsa mabungwe a azimai, inabadwa mu 1985. Pambuyo pake panabwera ena ofufuza za matenda, monga CIDRZ mu 2001.

Mlendo wocokera kum'mawa akamalowa mu Lusaka pa mseu wa Great East amayamba kuona Chelstone, kumene kuli koleji ya zaulimi ya NRDC, kenaka University of Zambia, mpaka kukafika pakati pa tauni, kumene kuli koleji ya Evelyn Hone pa Church Road. Wosadziwa amaganiza kuti maofesi onse ali pa Cairo Road, koma si tero. Mabungwe ambiri anabwereka nyumba zokhalamo ku Kabulonga, Woodlands, Longacres ndi Rhodes Park nazisandutsa maofesi. Caritas Zambia, bungwe la mabishopu a Katolika, lili ku Kapingila House ku Kabulonga; YWCA ili pa Nationalist Road pafupi ndi cipatala ca UTH. Nyumba zambiri zotere n'zozingidwa ndi mpanda wa njerwa, ndipo pa geti pali mlonda. Kalata yosiyidwa kwa mlonda, yopanda dzina la ofesi imene ikupita ndiponso yosayankha cilengezo ciliconse, kawirikawiri imathera m'katoni pamodzi ndi zinzake.

Wophunzira wa kumudzi sakhala ku Kabulonga. Amafikira kwa amalume ku Kabwata, kwa azakhali ku Chelstone, kapena m'makomboni monga Mtendere ndi Kalingalinga. Wa ku Kabwata ali ndi mwai, pakuti angathe kuyenda pansi kupita ku tauni kapena ku UTH. Koma wa ku Chelstone amene wapeza malo ku Woodlands angafunike kukwera minibasi ziwiri popita ndi ziwiri pobwera, tsiku ndi tsiku. Bungwe la Ajezuiti la JCTR, limene limawerengetsa mwezi ndi mwezi mtengo wa zofunika pa banja, linaonetsa kuti mu 2024 banja la anthu asanu mu Lusaka linafunika ndalama zoposa K10,000 pa mwezi. Wacibale wolandira mlendo wa miyezi itatu pa nyumba yotere wasenza katundu weniweni, ndipo ayenera kupemphedwa mwaulemu nthawi ikalipo.

MITUNDU INAI YA MALO

Cimene cimasokoneza makolo ambiri n'cakuti mwana akanena kuti wapeza malo ku bungwe, iwo amamva kuti walembedwa nchito. Malo amenewa ali a mitundu inai, ndipo ndi osiyana kwambiri.

Woyamba ndi atachimenti. Uwu ndi wa wophunzira amene akali pa koleji. Amapita ndi kalata ya koleji yake, amakhala milungu ingapo kapena miyezi itatu, amalemba m'buku zimene wacita tsiku lililonse, ndipo womuyang'anira amasaina. Kawirikawiri palibe malipiro. Phindu lake ndi mamalikisi ndi luso.

Waciwiri ndi wa amene watsiriza maphunziro koma akali wosazolowera nchito. Uyu amatengedwa kwa miyezi ingapo kapena caka, ndipo mabungwe akuluakulu amampatsa kandalama ka basi ndi ka cakudya ca masana. Kandalamako si kotumiza kumudzi.

Wacitatu ndi wa odzipereka, amene amathandiza pa kiliniki, pa nyumba ya ana amasiye monga ija ya ku Kabwata, kapena pa nthambi ya Red Cross, osayembekezera kanthu kupatula yunifomu, maphunziro a masiku ocepa ndi kalata ya umboni.

Wacinai ndiwo nchito ya malipiro. Ina ndi ganyu wa milungu yocepa, monga kuyenda khomo ndi khomo kufunsa mafunso ndi kulemba mayankho pa foni kapena pa tabuleti. Ina ndi ya pangano la caka cimodzi kapena ziwiri. Lamulo la za nchito la 2019 linena kuti pangano la miyezi isanu ndi umodzi kapena kuposerapo liyenera kulembedwa pa pepala. Mwana asayambe nchito yotere ndi lonjezo la pakamwa cabe.

NDALAMA ZA ENI AKE

Nchito ya m'bungwe isiyana ndi ya Boma pa cinthu cimodzi cacikulu. Bungwe silikhometsa msonkho ndipo siligulitsa malonda. Limalemba pempho kwa opereka cithandizo, ambiri a iwo a kunja, ndipo iwo akavomera amapereka ndalama za nchito imodzi kwa zaka zowerengeka. Zakazo zikatha, galimoto imabwezedwa, ofesi imatsekedwa, ndipo anchito amabwerera kunyumba.

Caka ca 2025 cinaonetsa zimenezi poyera. Mu Januwale Boma la America linaimitsa cithandizo cake ca kunja, ndipo pofika mu Julayi bungwe la USAID linatsekedwa. Mu Meyi kazembe wa dzikolo mu Lusaka, a Michael Gonzales, analengezanso kuti adzacotsa madola 50 miliyoni pa caka pa cithandizo ca mankhwala cifukwa ca kubedwa kwa mankhwalawo. Mabungwe ambiri a zaumoyo anacepetsa anchito. Alangizi, madalaivala ndi olemba mabuku a ndalama amene anagwira nchito zaka zambiri anayamba kupikisana ndi ana ongotsiriza kumene pa malo amodzimodzi.

Akuluakulu anati fodya wako ndi uyo ali pamphuno, wa pacala ngwa mphepo. Cimene mwana angacitenge ku bungwe n'kukhala naco mpaka kale si malipiro, koma luso: kusunga mabuku a ndalama, kulemba lipoti lomveka, kugwiritsa nchito kompyuta, kuyesa magazi, kulangiza alimi. Luso lotere limagwira nchito kwina kulikonse. Pamene Boma linalemba aphunzitsi oposa 30,000 ndi anchito a zaumoyo oposa 11,000 mu 2022, mapepala a maphunziro ndiwo anali patsogolo. Ndipo pa mliri wa kolera wa 2024, pamene bwalo la masewera la Heroes linasanduka cipatala, Pulezidenti Hakainde Hichilema analamula kuti azaumoyo amene anadzipereka kumeneko alembedwe nchito. Kudzipereka si lonjezo la nchito, koma kumaika dzina la munthu pamene lingaoneke.

CUMA CA MWANA WA KUMUDZI

Mwana wa ku Chadiza kapena ku Nyimba akaima pa geti la ku Kabulonga amadziona wocepa, poona anzake okulira m'tauni a Cizungu cosalala. Koma maofesiwo ndi olemberamo makalata ndi kuwerengeramo ndalama. Nchito yeniyeni ili kumene iye wacokera. Zitsime zikumbidwa kumudzi, ana apimidwa pa sikelo kumudzi, mbeu zigawidwa kumudzi. Bungwe likafuna munthu wokafunsa amai za kadyedwe ka ana ao, lifuna wodziwa Cicewa, Cinsenga kapena Citumbuka ceniceni, wodziwa kuti pofika pamudzi amayamba waonekera kwa a nyakwawa, wodziwa kugwada ndi kuomba m'manja, ndiponso wozindikira kuti nthawi yopalira si yoitanitsa msonkhano wa m'mawa. Ndiye cifukwa cake zilengezo zambiri za nchito za m'maboma zimanena kuti wofunsira akhale wodziwa cilankhulo ca kumaloko, ndipo nthawi zina kuti akhale wokhala komweko. Ngakhale acinyamata a ku America a Peace Corps, amene anayamba kubwera m'dziko muno mu 1994, ankayamba aphunzitsidwa cilankhulo ndi mwambo kwa milungu yambiri asanatumizidwe kumidzi. Cimene mlendo amacivutikira, mwana wa kuno anayamwira.

Tsono njira yanzeru ndiyo kuyambira pafupi. Pa chuthi, wophunzira za umoyo akadzipereke pa kiliniki ya kwao kapena pa cipatala ca mishoni. Wophunzira zaulimi atsatane ndi mlangizi wa m'dera lake, kapena afunse kwa a COMACO, amene kuyambira mu 2003 akhala akugwira nchito ndi alimi a m'cigwa ca Luangwa ndi kugula mpunga, nshawa ndi uci wao. Wophunzira za cisamaliro ca anthu apite ku ofesi ya Social Welfare pa boma. Potsiriza apemphe kalata ya umboni yokhala ndi cidindo, yonena masiku amene anagwira ndi nchito imene anacita. Makalata awiri kapena atatu otere amalemera kuposa maenivulopu makumi awiri osiyidwa pa mageti a mu Lusaka, ndipo mwana amawapeza akudya nsima ya pakhomo pa amai ake.

CENJEZO

Pamene pali njala ya nchito, akathyali sasowa. Mauthenga amayenda pa WhatsApp ndi pa Facebook onena kuti bungwe lakuti lifuna anthu mazana, ndi kuti wofuna malo atumize ndalama pa foni za fomu, za yunifomu kapena za kupimidwa. Bungwe loona silipempha ndalama kwa wofunsira nchito. Wina akanena kuti ali ndi mnzake mkati amene angakonze zinthu, ameneyo afuna mbuzi ya makolo basi. Atsikana acenjere koposa ndi woitanira mayeso a nchito ku nyumba yogona alendo kapena madzulo, ndi wolonjeza nchito ya kunja kwa dziko napempha kusunga pasipoti. Nkhani zotere zipite ku polisi.

Safunsa anadya phula. Bungwe lililonse loona linalembetsedwa, kaya ku Unduna wa Community Development and Social Services monga mwa lamulo la 2009, kaya kwa Registrar of Societies, kaya ku PACRA, ndipo lili ndi ofesi imene munthu angalowemo masana. Mapepala enieni, monga reji ndi satifiketi ya Giredi 12, asasiyidwe kwa munthu aliyense; zoperekedwa zikhale zokopera zotsimikiziridwa ndi cidindo.

Kholo limene mwana walipempha ya ulendo wa ku Lusaka lifunse mafunso anai lisanagulitse kanthu: Kodi bungwelo layankha ndi kalata? Kodi malowo ndi a miyezi ingati, ndipo pali kandalama kapena ai? Kodi ukakhala kwa yani, ndipo iwo avomera? Kodi ukabwerako ndi luso lanji? Ngati mayankho ali omveka, mwana apite ndi madalitso, atanyamula ufa ndi nyemba za kwa amalume ake. Ngati sali omveka, mbuzi ikhale m'khola, ndipo mwana ayambe wapita pa kiliniki kapena kwa mlangizi wa kwao Lolemba likudzali. Tsokonombwe anatha mtunda ndi kudumpha.